Kuno Mano Ndi Dzanja

Lolemba, 3 Malichi
Madamu akhoma chitseko kunja monga mwa masiku onse, kiyi m'chikwama. M'nyumba ine ndi bambo awo owabereka, madala ofa ziwalo mbali imodzi. Pasipoti yanga ikadali kwa madamu, ati akundisungira. Kusunga kwanji kumeneku?
Kuwatembenuza madala, kuwapukuta, kuwadzoza mafuta kumsana. Ukangochedwa, zilonda.

Lachitatu, 5 Malichi
Pawindo, kuwerenga zikwangwani. Sitolo ya kutsidya kwa msewu yalembedwa MOTO. Moto mulibe, ndi njinga zamoto zokhazokha. Mawu athu enieni, koma kuno akugwira ntchito ina. Ngati ine ndemwe, telala wathunthu, lero wochapa matewera.
Kampira kamene madala amafinya polimbitsa dzanja amakatcha bola. Bola chiyani pamenepa?

Lamlungu, 9 Malichi
Foni pang'ono chabe, madamu ataima pambali. Mwana wanga watopa, mwezi wake ndi uno, mimba yoyamba. "Amama, munati mudzakhalapo." Ndati inde. Bodza lenileni. Ndakalirira m'bafa, mpopi wotsegula.

Lachinayi, 13 Malichi
Nditangofika, madala akati mano ndinkathamangira mano awo oikirira a m'kapu. Kuno mano ndi dzanja. Amangofuna kugwiridwa dzanja, mwana wawo sawakhudza n'komwe. Nyumba ino ndimadana nayo, koma iwowa ayi.
Mayi wokolopa masitepe wandinong'oneza pa mpata wa chitseko. Kuseri kwa depoti ya mabasi kuli ofesi yothandiza anthu ngati ine, ngakhale opanda pasipoti. "Ukadzangotuluka, usadzacheuke."

Loweruka, 15 Malichi
Madamu apita paulendo, kubwera Lolemba. Pothamangira takisi aiwala kukhoma. Ndayesa chogwirira, chatseguka! Kamphepo ka m'masitepe kumaso.
Nsapato ndavala. Jumbo ya zovala ili pakhomo.
Wokolopa sabwera Loweruka. Ndagogoda kwa aneba, zii. Ndikapita, mpaka Lolemba palibe wowatembenuza, palibe wowamwetsa madzi. Ndikakhala, mwana wanga achira yekha. Mulungu wanga ine.
Ndalowa kwa madala kuti ndiwatembenuze komaliza. Ayang'ana nsapato zanga, ayang'ana nkhope.
"Mano," atero.
Ndikulemba buku lili pabondo, dzanja linalo aligwira. Chitseko chikadali chotsegula, ndikuchiona ndili pompano. Mwina akagona tulo ndi...