Mbawala za Kumanda Kwathu

Domasi, Okutobala 1971

Okondedwa amalume,

Sabata ino tulo tandithawa, ndiye ndati ndiulule kwa inu. Kaya muli bwanji ku Wankie? Kuno tilipo, kungoti amayi mwendo uja ukuwavutabe.

Kwabwera mzungu woyeza mvula ndi kuwerenga nyama m'phiri la Malosa, ndipo ine ndimamumasulira. Akuti kalekale miyala ya phirili inali ngati phala, inachita kuuma pang'onopang'ono. Nditamuyankha kuti analiumba ndi Mulungu, anaseka nati, "Ine ndikungofufuza mmene analiumbira."

Zimenezo zilibe kanthu. Pomwe ndinalakwa ndi apa: atadandaula kuti mvula ikuchepa ndipo mbawala zikutha, ndinadzitama kuti kumanda kwathu zilipo zambiri, poti kumeneko sitidula mtengo kapena kutchera msampha. Tsopano akufuna kulembera boma kuti nkhalangoyo itchingidwe, munthu asadzakumbemonso.

Amayi atamva anangoti, "Nanga ine mudzandiika kuti? Pamsewu wa ku Songani?"

Amalume, mbumbayi ndi yanu. Ndimukanize, kapena ndimupemphe atisiyire malo pafupi ndi agogo? Chonde ndiyankheni masiku omwe ano, iye asanalembe. Ambuye akusungeni kumgodiko.

Ine mwana wa mlongo wanu,
Elisoni