Mitengo ya Izote Pakati pa Munda

Okondedwa achimwene Eulalio,

Ndikhulupirira muli bwino ku Houston konko. Kuno ku Morazán tilipo, kungoti mawondo a amayi akuvutabe.

Sabata yatha kunabwera akatswiri a mbiri yakale kudzaona malo amene kunkamenyedwa nkhondo m'mapiri muno. Ankawatsogolera Tránsito, uja anali msilikali wa kutchire. Atafika pamunda pathu, mphunzitsi wina wamkazi wa m'gululo anaima n'kufunsa, "Mitengo ya izote anthu amadzala m'malire. Nanga iyi ikutani pakati pa munda?"

Amayi anayankha, "Timadya maluwa ake ndi mazira, mwanangu."

Pofuna kutisangalatsa, mlendoyo anathyola maluwawo n'kubwera nawo kukhitchini. Ndinakazinga, nanga ndikanatani? Alendo anadya mpaka kunyambita zala. Ine ndi amayi mbale zathu sitinazikhudze, ndipo mphunzitsiyo anaona. Potuluka, Tránsito anandinong'oneza kuti, "Fidelina, zaka zonsezi sindinakuonenipo mukuthyola pamenepaja."

Alendowo akuti abweranso mvula isanayambe, ndipo abwera ndi anthu ofukula mafupa a anthu amene anasowa pa nkhondo. Mkazi wa a Gumersindo, amene akufunafunabe mwamuna wake kuyambira nthawi ya nkhondo, wayamba kudzera kumunda kwathu popita kutchalitchi. Amangoima n'kumayang'ana mitengo ija.

Amayi akufunsa ngati mubwere pa Khirisimasi. Ine ndikuti musafulumire kugula tikiti. Koma mitengo ija munadzala ndinu, achimwene, sabata lomwe lija a Gumersindo anasowa. Ndiuzeni choti ndidzayankhe akadzayamba kukumba.

Ndine mlongo wanu,
Fidelina