Kumanzere kwa Mkamwini Wanu

Highfields,
Leicester.
17 Novembala 2024

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi onse ku Ntcheuko. Ife kuno tilipo, kungoti kwayamba kuzizira ndipo dzuwa likumalowa anthu tisanaweruke. Mankhwala a mawondo aja ndapatsira a Titus, anyamuka Lachinayi, akakuimbirani akafika ku Lilongwe.

Ndasankha kulemba chifukwa pa foni mukanandidula ndisanafike pakati. Chifundo akuwerengereni pang'onopang'ono, inu mutakhala pansi.

Amayi, mkamwini wanu a Faraz sagwira ntchito ku garaja monga ndakhala ndikukuuzirani zaka khumi ndi zinayi. Ntchito yawo yakhala yothamangitsa galimoto pa mpikisano. Ndinakubisirani chifukwa chimwalirireni abambo pa ngozi ya basi ija, inu za liwiro simufuna n'kumva komwe, ndipo ndinkaopa kuti mukana ukwati wathu. Ndinalakwa, mundikhululukire.

Magalimoto ake ndi ooneka ngati omwe timakwerawa, a zitseko zinayi, kungoti amachotsamo mipando n'kuikamo zitsulo zoteteza munthu. Amanyamuka ngati makumi atatu nthawi imodzi pa msewu wozungulira, akukhulana m'mbali ngati ng'ombe polowa m'dibi. Amapikisana chaka chonse m'mabwalo osiyanasiyana, ndipo wopeza mapointi ambiri ndiye amatenga chikho. Mkamwini wanu chikhocho anachitengapo kawiri.

Anayamba ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, banja lawo litangosamuka ku Limbe kubwera kuno. Malemu bambo awo, a Abdulkader, ankatseka sitolo ya nsalu Lamlungu n'kupita nawo kunja kwa tauni kumene ana amathamangitsa timagalimoto tating'ono ngati wilibala. Apongozi anga a Najmunisa sanapondeko ndi tsiku limodzi lomwe, ankatsala kunyumba akupemphera. A Faraz atakula anatha zaka zisanu ndi ziwiri osapambana, pakati pa sabata akumata matayala ku Corby, Loweruka ndi Lamlungu ali pa bwalo. Dzanja lija ndinakuuzani kuti linathyoka ndi jeke, tsiku limene tinadziwana ku chipatala, linathyokera komweko. Ine pomanga bandeji ndinang'ung'udza ndekha m'Chichewa kuti, "Azibambo enawa kusamva." Ndinangomva akuyankha kuti, "Pepanitu asisi, sindidzachitanso." Anachitanso, Amayi, kambirimbiri.

Chikho choyamba anatenga ine ndili ndi pakati pa Phoebe. Ndinalipo tsikulo, ndipo ndisakunamizeni, ndinakuwa mpaka mawu kutha. Mantha ndinali nawo nthawi zonse, koma ndikawaona akudutsa anzawo pokhota, mtima unkadzaza. Munthu wofatsa uja, amene kwanuko ankachita manyazi kupempha mchere, pa chiwongolero ankasanduka wina.

Chaka chino mu Juni galimoto yawo inagubuduzika. Anatuluka okha akuseka, ndipo atawapima zonse zinkaoneka bwino. Koma pofika Ogasiti ndinayamba kuona zachilendo. Phewa lamanzere ankaligunditsa pa chitseko. Kiyi atamuika okha patebulo ankamufunafuna ali pomwepo. Tsiku lina Phoebe anaima kumanzere kwawo atanyamula mbale ya samusa, iwo osamuona mpaka mwanayo analankhula. Zoterezi ndimazidziwa ku wodi. Ndinaima pamene panali Phoebe n'kukweza zala.

"Zingati?"

Anatembenuza mutu wonse.

"Osatembenuka, bambo a Phoebe. Zingati?"

Kenako anati, "Mayi a Phoebe, yatsala mipikisano iwiri yokha, ndipo ndili patsogolo. Ikangotha ndipita ndekha kwa dokotala. Amayi anga ndinawauza kale, nawonso ndawapempha adikire."

"Nanga amene akhale kumanzere kwanuyo, iye alibe ana?"

"Misewu imeneyi ndimaidziwa ngakhale nditatsinzina," anatero, n'kutuluka panja.

Lolemba pa nthawi yopuma ndinalowa m'galimoto yanga kuseri kwa chipatala, ndi kuimbira dokotala woyang'anira mipikisanoyo. Ndinamupempha kuti asanditchule. Anawaitana, anawapima maso, ndipo pofika Lachisanu anawaletsa kupikisana. Patangopita masiku ochepa, laisensi ya pa msewu nayonso inapita.

Lachisanu limenelo a Faraz anafika ine ndili kwa apongozi, misewu iwiri kuchokera kwathu, ndikuwayeza shuga. Sanavule ndi nsapato zomwe.

"Tinkadziwa anthu atatu," anatero. "Anaimba ndani?"

Ndisanatsegule pakamwa, apongozi anati, "Ndine."

"Inu, amayi? Zaka makumi atatu simunabwereko kudzaona, lero ndiye mwadziwa nambala ya dokotala wa mpikisano?"

"Ndine. Ndinakubereka ndi maso awiri, sindikuika m'manda chifukwa cha chikho."

A Faraz anatuluka osatseka chitseko. Ndinadzuka kuti ndiwatsatire ndikaulule, koma apongozi anandigwira mkono.

"Khala pansi," anatero. "Ine andikwiyire mmene angafunire. Sangandisudzule."

Mukukumbuka, Amayi, kuti mayi ameneyu anatha zaka zitatu osanditchula dzina, akungoti "nesi uja". Ndinalira pamenepo ngati mwana, iwo akundiuza kuti ndisadetse mpango wawo.

Ndiye ndinakhaladi chete milungu isanu ndi umodzi, ndipo ichi ndicho chikundichititsa manyazi kuposa bodza la garaja. Chikho anatenga munthu wina. A Faraz sanapondenso kwa mayi awo. Pochokera ku mzikiti ankazungulira msewu wina kuti asadutse pakhomo pawo. Apongozi ankatumizabe chakudya tsiku ndi tsiku, iwo n'kukankhira mbale kwa Phoebe. Ine ankandikomera mtima kuposa kale, kumandithokoza chifukwa chowaperekeza uku ndi uku, ndipo zikomo aliyense ankandilasa. Apongozi anayamba kuwonda. Ndikanena kuti ndiulula, iwo ankati, "Mwana wanga ndimamudziwa, zitha zokha." Koma sizinkatha.

Ndinawauza mwezi watha, tikupita ku chipatala cha maso. Masiku ano woyendetsa ndine, ndipo ndimakhala kumanja kwawo, mbali imene amaona bwino, ndiye panalibe kobisala.

"Bambo a Phoebe, anaimba foni ija si amayi. Ndine."

Tinadutsa maloboti awiri, injini ikulira, ine kuiwala zonse.

"Giya," anatero. "Mukuipweteka galimoto."

Ndinasintha giya.

"Khoterani kwa amayi. Kuchipatala tipita tsiku lina."

Titafika anavula nsapato, anakhala pansi pa kapeti n'kuika mutu pa miyendo ya mayi awo, bambo wa zaka makumi anayi ndi chimodzi. Apongozi anawakalipira m'chilankhulo chawo, zambiri sindinamve, uku akuwasisita tsitsi. Kenako anawafunsa ngati adya. Pomaliza ananditembenukira ine: "Iwenso, si ndinati ukhale chete?"

Sindinena kuti zonse zatha. Anatha masiku atatu akungondiyankha inde ndi ayi. Tsiku lachinayi anandipeza kukhitchini nati, "Ndikanapha mwana wa mwini, zimenezo ndavomera. Koma mukanandiuza maso ndi maso kuti mukuimba." Ndinavomera kuti pamenepo akunena zoona. Nthawi zina ndimawapeza atakhala m'galimoto panja, injini osailiza, manja ali pa chiwongolero, ndipo ndimawasiya. Madokotala akuti mbali imene inatsekekayo mwina sidzatsegukanso.

Timu yawo yawapatsa ntchito yophunzitsa oyendetsa atsopano. Amavala zomvera m'makutu n'kumawauza pa wailesi poti achepetse ndi poti aponde moto. Loweruka ndimawatula ku bwalo la mipikisano la Donington, ndipo njira yonse amandiphunzitsa ine ndisanapemphe. Akuti ndimaponda buleki ngati ndaona njoka. Phoebe amafa nazo kuseka kumbuyoko, ngakhale amayankha m'Chingerezi.

Pempho langa ndi ili. Tikubwera mu Epulo, tonse atatu. A Faraz akuti nawonso anakunamizani zaka zonsezi pokhala chete, ndiye akufuna adzakhale pamaso panu adzapepese okha. Mudzawakalipire ngati mukufuna, akuyembekezera, koma mkwiyo waukulu musungire ine. Muuzenso Chifundo atipezere dalaivala wodekha wotitenga ku bwalo la ndege, makamaka wosamva za anthu, chifukwa mkamwini wanu adzakhala kutsogolo.

Mundiperekere moni kwa azakhali, kwa Chifundo ndi ana ake, ndi kwa amayi a mvano amene amatipempherera. Phoebe akuti muzimusungira mtedza wosakazinga. Apongozi ndinawauza dzulo kuti ndikukulemberani zonse. Anayamba andifunsa ngati ndalemba kuti anaonda, ndipo nditavomera anakwiya. Kenako anati ndilembe mawu awo monga momwe anenera, ndiye ndi awa: "Uwauze mayi ako kuti analera mwana wosamva, koma ndi wanga tsopano. Mu Epulo ndiwabwereka milungu itatu yokha, adzandibwezere."

Ine mwana wanu wokukondani,
Sylvia