Kankhanga wa Abambo ku Jeremani

Loweruka, 5 Okutobala, Kabudula

Mawa ulendo. Ophunzira za ulimi asanu ndi mmodzi, sabata ziwiri ku yunivesite ya ku Jeremani, kukaona momwe amalimira anthu osagwira khasu. Amayi andipatsa korona, juzi ya malemu abambo, ndi lamulo loti ndisakawachititse manyazi podya. Azimayi a mphakati andipempherera ngati ndikupita kunkhondo.

Lachiwiri, 8 Okutobala

Kuzizira. Juzi ya abambo yandipulumutsa, ngakhale ndikuoneka ngati katekisiti. Ationetsa ng'ombe zokamidwa ndi makina, iliyonse ndi dokotala wake. Zikundiposa. Overton, mnzanga wa m'kalasi, wajambulitsa pakhomo la nyumba iliyonse. Akafika kwawo ku Nsaru akanena kuti anamanga nawo.

Lachitatu, 9 Okutobala

Izi ndiyenera kulemba.

Anatilowetsa m'chipinda chozizira chosungiramo mbewu za m'maiko osiyanasiyana. Oyang'anira ndi mayi a imvi, a Hilda, dzina ngati la a Hilda a kwaya ya kwathu, kungoti awa amasunga nthawi. Mwanthabwala ndinawapempha alembe "Kabudula" pa kompyuta. Ndinkangofuna tiseke.

Panatuluka mzere umodzi. Nyemba zamawanga, 1987, mlimi Boniface Chikoti.

Abambo.

Ndi kankhanga, nyemba zija amayi amazitchula nthawi zonse akamanyoza za pamsika. Mbewu yomaliza tinadya pa njala ya 2002, ine ndili kumsana, ndipo kuyambira pamenepo palibe amene ali nazo m'mudzi monse. A Hilda anabweretsa kapaketi. Ndalira pamaso pa azungu, mu juzi ya katekisiti.

Lachinayi, 10 Okutobala

Ndaimbira amayi. Akukumbukira bwinobwino. Akuti kunabwera anthu pa galimoto ofuna mbewu zamakolo, abambo anawatapira m'manja muwiri, ndipo amayiwo anawalongolola sabata yathunthu kuti akumwaza mbewu kwa alendo. Kenako: "Usabwere chimanjamanja."

Vuto ndi loti mbewu siikwera ndege popanda mapepala. Nyemba ikufuna zikalata zambiri kuposa ine. Overton akuti ndibise zisanu mu sokosi. Ndinaganizadi, ndisaname.

Lachisanu, 11 Okutobala

Anzanga ali kogula nsapato, ine masana onse ndi a Hilda pa mafomu asanu ndi awiri. Andichenjeza kuti zitenga miyezi, ndipo mwina sizimera. Ndinawafunsa chomwe akuvutikira chonchi ndi mwana wa eni. Akuti nyembazi azisunga zaka zoposa makumi atatu osadziwa kukoma kwake, ndiye akufuna wina adzawauze.

Mulungu awasunge. Kunja kwa firiji.

Lamulungu, 20 Okutobala, Kabudula

Chimanjamanja. Amayi alandira chokoleti, ayang'ana m'chikwama kawiri, n'kubwerera kukhitchini. Bola akanandikalipira.

Lolemba, 18 Novembala

Palibe. Amayi asiya kufunsa, koma malo a kuseri kwa khola akukaniza aliyense kudzalapo.

Loweruka, 14 Disembala

Envelopu yafika, zidindo zochuluka kuposa nyemba. Makumi awiri ndi zisanu. Amayi anazikhuthulira pa chitenje, n'kutembenuza imodzi ndi chala.

"Ndi zomwezi. Zangowonda ndi ulendo."

Adzala okha. Ine, wa zaka zinayi pa yunivesite, anandipatsa ntchito yoingitsa nkhuku.

Lolemba, 23 Disembala

Zamera khumi ndi zinayi. Ndinadzuka m'mawa kuti ndikajambule, a Hilda aone. Ndinapeza amayi afika kale, atagwada pamzere, akuchotsa kachibuma pamutu pa kamodzi kochedwa kutuluka. Sanandione.

"Munachita bwino kuwapatsa, a Chikoti."