Botolo Lofiira la Pazenera la a Henderson

Takoma Park, Maryland
Febuluwale 1983

Okondedwa achimwene a Kalekeni,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga amayi adzuka bwanji masiku ano? Ine ndilipo, kungoti kuno kukuzizira moti makutu amachita kuwawa. Sukulu ikuyenda, ndipo ganyu uja wa kusitolo ya mankhwala ndikugwirabe.

Kalata yanu yandisowetsa mtendere. Mwati kuchipatala anawauza amayi kuti magazi achepa, koma asiya kumwa mapiritsi poti akudikira mankhwala ofiira a m'botolo lalikulu lija analiona pachithunzi changa cha kusitoloko. Akuti ofiira chonchija ndiwo owonjezera magazi enieni, ndipo mwana wawo sangawamane.

Achimwene, m'botolo muja muli madzi a pampopi. Wothira madziwo ndine, n'kudonthezamo utoto. Eni sitolo, a Henderson, nkhalamba yokonda nthabwala, anandiuza kuti bambo awo ankaliika pazenera kuti ngakhale wosadziwa kuwerenga azindikire kuti muno mumagulitsidwa mankhwala. Timitsuko toyera tija tili kumbuyo kwanga pachithunzipo, tamaluwa ndi mayina a Chilatini olembedwa ndi golide, natonso n'tokongoletsera basi. Mankhwala enieni amakhala m'timabotolo ta pulasitiki tosagwira mtima n'komwe.

Nditawafotokozera a Mwansa, anzanga a ku Zambia amene timapemphera limodzi, anaseka mpaka misozi, ati kwa amayi awonso chakumwa chikangofiira ndiye kuti ndi cha magazi. Ndinaseka nawo, koma pobwerera m'sitima ndinalira.

Loweruka ndikupukuta fumbi ndinavundukula kamtsuko kena. Munalibe kanthu, koma fungo la bulugamu linali likadalimo. M'maganizo ndinaona amayi akutifundika bulangete pamphika wa masamba owira tikadwala chimfine, inu mukukuwa kuti mukupsa, iwo atakupanani ndi mawondo. A Henderson anafunsa ngati ndadwala, ine ndinanamizira fumbi. Ndawasowa amayi, achimwene. Ndasowa ngakhale kukalipa kwawo.

Pempho langa ndi limodzi. Mupite nokha, musatume mwana. Mukawauze zoona za botololi, ndipo musakachoke mpaka atameza piritsi inu mukuona. Akakakana, mukati Callista akuti mapiritsi otero ndi omwe azungu amagula kuno, ndipo amachira nawo. Akakhumudwa, ndikudziwa, poti chithunzicho anaonetsa kale mudzi wonse. Akhumudwe ali moyo. Sindingabwere ndisanalembe mayeso a chaka chamawa, ndipo sindikufuna kudzafikira kumanda.

Mundiperekere moni kwa alamu, amalume, azakhali a ku Nathenje ndi ana onse. Kwa amayi mukati ndikufuna ndidzawapeze ali ndi mphamvu zondithamangitsa ndi tsache chifukwa chojambulitsa ndi madzi.

Ndine mlongo wanu wokukumbukani tsiku ndi tsiku,
Callista