Pamene Tinawagoneka Amayi

Nkope, Mangochi
14 Meyi, 2024

Achimwene anga a Zubair,

Asalamu alaikumu. Ndikhulupirira kuti mukudzuka bwino ku Russia kumene mukuphunzirako. Kodi chifuwa chija chinakusiyani? Ife kuno tilipo, kungoti Nadia wanga malungo sakumupatsa mpata.

Ndalemba kalata dala. Pafoni mumandidula mawu, komanso nkhani iyi ndikati ndiiyambe ndimalephera.

Mukukumbuka zimene munkatiuza muja? Munati kumpoto kumeneko kuli nthaka imene inaundana ndi chisanu makolo athu asanabadwe, koma tsopano ikusungunuka. Munati nyumba zikupendama, mabokosi a akufa akutulukira pamtunda, ndipo nthakayo ikutulutsa mpweya wowonjezera kutentha padziko lonse. Ine ndinaseka mpaka misozi. Ndinati ife tikupsa ndi dzuwa kuno, inu mukulirira ayezi! Ndinatinso sukulu yakupengetsani.

Tsiku limene amayi anatisiya chaka chatha munaimbira ine. Munati ndiwauze amalume a Yasini kuti tikawaike kumtunda, kwawo ku Chowe, chifukwa nyengo yasokonekera paliponse ndipo nyanjayi siidzakhala pamene tinaizolowera.

Achimwene, uthengawo sindinaufikitse. Maliro athu sagonera, mukudziwa, ndiye amalume anandifunsa ali chiimire kuti mwati chiyani. Ndinati mwavomera kuti agone pambali pa ababa, kumanda a kunyanja. Ndinanama ine. Ku Chowe n'kutali, ndipo ndinkafuna ndizidutsa pafupi nawo popita kokayanika usipa, ndiziwapatsa salamu.

Nyanja sinabwere ndi ukali ayi. Inkangosendera, lero pang'ono, mawa pang'ono. Inayamba ndi mathandala athu oyanikapo usipa, kenako inalowa m'nyumba ya a Simioni, aneba athu aja. Mu Febuluwale inafika kumanda.

Ashehe anati zikatere n'zololedwa kufukula n'kukaika pouma. Amalume anakana. Anati madzi abwerera okha mvula ikatha, ndiponso inuyo, mwana wophunzira, wodziwa za nthaka, munavomereza nokha malowo, ndiye ife tiope chiyani? Pamenepo m'pamene ndikanalankhula. Koma ndinangowerama ndi manyazi.

Madzi sanabwerere. Ndipo mukudziwa mmene timaikira ife: opanda simenti, opanda dzina, kamulu ka dothi basi ndi timitengo tiwiri, kumutu ndi kumiyendo. Zonsezo zinapita. Mgwalangwa umene tinkazindikirira malowo unagwa mu Malichi, mafunde n'kuukoka.

Bola anzanu a kumeneko, akufa awo ali m'mabokosi, mwina amawatola n'kukawaika pena. Amayi tinawaika mu sanda yokha, nsalu yoyera ija.

Alamu anu a Sadik anapitako kawiri ndi bwato. Anatsika, madzi akuwalekeza m'chifuwa, n'kumafufuza ndi mapazi. Atabwerako anati pansi pangoti see, mchenga wokhawokha, sungadziwe pamene pali amayi, pamene pali ababa, kaya pamene panali njira.

Chithunzi cha manda chimene ndinakutumizirani m'mwezi wa Ramadhani n'chakale. Ndinajambula chaka chatha, dothi lisanaume n'komwe. Munayankha kuti Mulungu andidalitse posamalira malo a amayi. Ndinalira tsiku lonse, ana n'kumandifunsa kuti wamwalira ndani.

Mtima ukundipweteka, achimwene. Inu simunaponyeko dothi, ndipo mwakhala mukuwerenga miyezi kuti mu Ogasiti mudzaime pamanda n'kuwawerengera duwa, pemphero lathu lija. Ine ndakulandani zimenezo. Amalume sakudziwabe kuti ndinawanamiza. Mukafuna kuwauza auzeni, ndilibe poti n'kukanira.

Chimene ndikupempha n'chakuti mubwerebe. Mudzandikalipire pamaso, ndidzamva. Koma musadzandiuze kuti ndiloze pamene tinawagoneka, chifukwa sindikupadziwa. A Sadik akuti adzakupalasani kukafika kumeneko, ndipo pamene bwato likaime mukawerenge duwayo pomwepo.

Mupereke moni kwa alamu anga a Shamima. Nadia akuti mudzamubweretsere chipewa cha ubweya, kaya adzachivala liti ndi kutentha kuno. Mulungu akusungeni, ndipo akufewetseni mtima pa ine.

Ndine mlongo wanu wokulakwirani,

Subira