Mkanda Wokana Kutembenuka

Lamlungu, 8 Okutobala 2000

Kwatentha ngati tapalamula. Komboni yathu ya Mtendere yonse fumbi lokhalokha, pampopi mzere wa zigubu mpaka pa tavani. Ndatunga ziwiri, chachitatu msana wakana.

Ba Kasoma anyamuka Loweruka likubwerali kupita ku Botswana, ndipo sabwerera. Ndi iwo anandiphunzitsa aljebra kuyunivesite. Akachoka sindidziwa wina mu Lusaka muno amene angawerenge zolemba zanga osaganiza kuti Ketty mutu wayamba kuzungulira. Ali ndi mnzawo, pulofesa wa ku Joni, amene akufuna wophunzira mmodzi chaka chamawa. Mmodzi yekha. Ba K. akuti akampatsa ntchito yanga pamanja, bola ndiwapatse asanakwere basi. Masamba makumi awiri, olembedwa pakati pa kuchonga mabuku a ana a Giredi 11 ndi kutunga madzi. Chatsala n'kukopera bwino basi.

Atate afunsanso lero. Chitsekedwere kampani ya mabasi komwe ankagwira ntchito amakhala pakhonde n'kumakonza mawailesi a anthu, ndipo wailesi ikasowa amakonza ine.

"Kodi amayi, masamu akowa satha? Ife wani pulasi wani tinamaliza kalekale."

Ndawauza kuti akachapa malaya kenako n'kusita, apita nawo kutchalitchi. Akasita kenako n'kuchapa, apita ngati agona m'ngalande. Ntchito n'zomwezo ziwiri, koma yoyamba ndi iti, pali nkhani. Kusukulu 3 kuchulukitsa ndi 4 n'chimodzimodzi 4 ndi 3. M'masamu anga AB si BA.

Aseka mpaka kutsokomola. Akuti sanadziwe kuti anandilipirira sukulu ya uchapi.

Lolemba, 9 Okutobala

Tsamba loyamba likundikana. Chizungu chake chikutuluka chokhota. Ndiyambe ndalemba muno m'chinenero cha kunyumba, mwina mutu ungawongoke.

Pali aljebra ya zilembo ziwiri, A ndi B, zosalola kusinthana malo. Chithunzi chake sungachijambule. Ndiye timaiyang'anira m'matrikisi, timatebulo ta manambala tija. M'malo mwa A ndi B uike matrikisi a mizere iwiri, uone malo amene akupangika. Kenako a mizere itatu, inayi, osalekeza. Aljebra ikakhala yosalala, malo onsewa amatuluka osalala, opanda mfundo kapena ngodya yobaya. Anthu a fizikisi nawo ali ndi mamodelo awo a matrikisi, aakulu kwabasi, ndipo chomwe amayeza ndi tresi: uchulukitse matrikisi motsata zilembo, kenako uwonkhetse manambala a pamzere wopingasa. Nambala imodzi basi.

Tresi sisamala poyambira. AAB, ABA, BAA, yonse yankho limodzi. Ndiye zilembozo zili ngati mkanda wa m'khosi, uzungulitse mmene ungafunire. Izi aliyense amadziwa. Changa ine n'chakuti mkandawo ukhozanso kuutembenuza, kuwerenga chobwerera, tresi osasintha. Zikatero mikanda yofunika kuwerenga m'modelo ichepa pafupifupi ndi theka. Ndayesa ndi matrikisi a 2, a mizere iwiri aja, mpaka zala kuchita dzanzi, sizinakanepo.

Eya, m'Chichewa zamveka. Pulofesayo akanakhala wa ku Dedza, kwawo kwa agogo, bwenzi nditamaliza.

Ana lero anali ngati nkhuku zonyowa, kutentha. Theka la kalasi linagona pa ma logarizimu, ine ndinawachitira nsanje.

Lachiwiri, 10 Okutobala

Nditaweruka ndadutsa ku Kalingalinga kwa ba K. M'nyumba makatoni okhaokha. Firiji yapita, mipando yapita, iwo akhala pa katoni ya mabuku akudya mtedza. Aonda. Zaka zonsezi masana kuyunivesite, madzulo kuphunzitsa ma akaunti m'tauni kuti ana adye. Anandiuzapo kuti masamu enieni anawasiya kale, amangowapatsa moni panjira.

Andibwezera kope yomwe ndinawasiyira.

"Nabelenga, ba Ketty. Ni vabwino ivi. Koma fakanimo egizampulo imozi ya 3, yokongolesa chabe. Uja mudala akonda vinthu va so."

Ndati matrikisi a 3 pamanja ndi chintchito. Kompyuta ya ku dipatimenti yawo kuyunivesite inawonongeka, idakali chigonere.

"Sankhani vamene vili na ma ziro yambiri. Muzasiliza na kapu imozi ya tiyi."

Ndabwerera wapansi, minibasi zonse zodzaza, ma ngwangwazi, anyamata oitanira aja, akukuwa ngati ndiwo akuyendetsa dziko. Koma mumtima ndinali wopepuka. Anena kuti ndi vabwino. Munthu uja sayamikira wamba.

Kunyumba ndapeza Atate atsitsa sutikesi yakale ya malemu amayi, akulimbana ndi loko wake. Sindinawatume. Akuti akungoona ngati akugwira.

Lachitatu, 11 Okutobala

Piriyodi yopuma, m'chipinda cha aphunzitsi. Ndati ndichite kachitsanzo kaja ndithane nako.

Ndinafuna mkanda wautali pang'ono kuti uoneke waulemu. Ndatenga AABBAB. Ukauwerenga chobwerera n'kuuzungulitsa umakhala AABABB. Matrikisi a mizere itatu, ma ziro mbwee, ma wani apa ndi apo, monga ananenera ba K.

Woyamba tresi yatuluka 1.

Wachiwiri 0.

Ndinaseka kaye. Ndati Ketty, kutenthaku kwakudya ubongo, walakwitsa kuchulukitsa ngati mwana wa Giredi 8. Ndayambiranso pa pepala lina. 1 ndi 0. Belu lalira, ndapita m'kalasi, ndaphunzitsa sindikudziwa chiyani. Mwana wina wandifunsa ngati ndikudwala malungo.

Tiyi wanga ndinamuiwala pazenera, ndampeza ntchentche ikusambiramo.

Lachinayi, 12 Okutobala

Ndabwereza m'njira zonse zomwe ndikudziwa. Ikadali 1 ndi 0.

Lachisanu, 13 Okutobala

Ndapapeza. Tsamba lachisanu ndi chiwiri. Ndinaonetsa kuti matrikisi awiri a 2 ukhoza kuwakonza onse pamodzi kuti mbali iyi ya mzere wopingasa ifanane ndi inayo, ndipo zikatero kutembenuza mkanda sikusintha kanthu. Mpaka apo n'zoona. Kenako ndinalemba kuti "chimodzimodzi pa kukula kulikonse." Mawu aulesi. Pa 3 sizitheka, A akalola B amakana. Ndinazolowera a 2 chifukwa ndi okhawo okwana m'mphepete mwa rejisitala, ndiye ndinayamba kuganiza kuti dziko lonse ndi la mizere iwiri. Chonsecho phunziro lonseli mutu wake ndi womwewo, kuti uyang'ane kukula kulikonse. A fizikisi aja matrikisi a 2 alibe nawo ntchito n'komwe.

Masamba onse otsatira atsamira pa tsamba limenelo. Agwa onse.

Ndamuuza Lillian, mnzanga wophunzitsa Chizungu, uja amagulitsa salaula, zovala za kaunjika, pamsika Loweruka. Masamu sawadziwa koma nkhani anaigwira msanga. Wafunsa ngati mikanda yonse ikukana. Ndati ayi, yaifupi imalola, chifukwa yosafika zilembo zisanu ndi chimodzi ukaitembenuza imabwerera mwakale. AABB imalola bwinobwino ngakhale pa 3.

"Manje vuto ni chani? Faka yamene ivomera. Ba Kasoma banabelenga, banakondwa. Ukafika ku Joni uzakonza. Ndani azaziba?"

Ndati ine ndidzadziwa.

"Iwe uzaziba uli ku Joni. Olo ufuna kuziba uli pa mpopi?"

Sakunama. Ndilembe poyera muno: ndatopa. Ndatopa ndi zigubu, ndi ana makumi asanu ndi limodzi m'kalasi ya mabenchi khumi, ndi kuwerenga mapepala a fotokope ozimirira theka. Ndikufuna kuchoka. Ndikufuna chipinda chokhala ndi bolodi ndi munthu mmodzi woti ndikanena tresi asafunse kuti ndi ndani ameneyo.

Madzulo ndakhala pakhonde ndakopera zonse ziwiri. Masamba makumi awiri aja, oyera bwino, ndi kachitsanzo ka AABB kumapeto, kakumwetulira ngati mwana wosalakwa. Ndi masamba ena awiri: AABBAB, matrikisi ake, 1 ndi 0, ndi pomwe panama tsamba lachisanu ndi chiwiri. Zonse zili m'chikwama.

Loko wa sutikesi wagwira. Atate andiitana kuti ndimve mmene akulirira potseka.

Loweruka, 14 Okutobala

Ndafika ku Kalingalinga kaveni kali kale pageti, kowatengera ku siteshoni ya mabasi. Akazi awo ndi ana anatsogola mwezi watha. Ba K. ali mu jekete ndi kutentha konseku, akuti m'chikwama simukwana.

Mpaka pageti sindinadziwe kuti nditulutsa ziti. Atambasula dzanja, "Leta tione," ine dzanja langa lalowa m'chikwama, lakhudza mtolo waukulu, latuluka ndi masamba awiri. Sindinganene kuti ndinalimba mtima. Ndinangoona nkhope yawo, ndi mmene akanaimira pamaso pa mnzawo uja akunena kuti uyu ndi wophunzira wanga.

"Ni chani ichi?"

"Egizampulo ya 3 ija, ba sa. Yakana."

Awerenga chiimire. Kenako akhala pa katoni, atulutsa bolopeni m'jekete, ayamba kuchulukitsa okha pa chivundikiro cha katoni inzake. Dalaivala waliza hutala. Sanadzutse mutu. Ndinali ndisanawaonepo akuchita masamu ndi dzanja lawo chichokere m'kalasi mwawo. Milomo ikuyenda, chala chikutsata mzere. Alemba 1. Patapita kanthawi alemba 0, n'kuizunguliza.

"Nabelenga ine iyi pepa," atero. "Peji seveni napitapo na maso yanga. Sininaone."

Ndati pepani.

"Pepani ya chani? Nachita manyazi ni ine."

Ndawauza kuti masamba makumi awiri aja ndili nawo, ndi chitsanzo china cholola. Sindikudziwa chifukwa chake ndinanena. Mwina ndimafuna anene ndi iwo kuti bweretsani, tchimo likhale la awiri. Andiyang'ana, maso ofiira ndi fumbi.

"Musanionese."

Hutala kachiwiri. Apinda masamba awiri aja, awaika m'thumba la malaya.

"Nisakunameni, ba Ketty. Kuli bena bamene bazapeleka nchito yosila. Malo ya chaka chamawa yaenda. Ivi nizamupasa, nizamuuza ati munazigwira mweka, pamene ine ninagona. Vamene azachita siniziba." Aima, akukuntha fumbi pa thalauzi. "Koma iyo 1 na 0, musaitaye. Funsani kuti kusiyana kwake kuyenda bwanji matrikisi yakakula. Ine nilibe mphamvu."

Tanyamula makatoni awiri otsala, ine ndi dalaivala. Ija yolembedwa masamu yakwera nawo. Agwira dzanja langa ndi manja awiri, akwera, kaveni kalowa m'fumbi kulowera ku msewu waukulu. Sindinalire.

Ndakhala pa sitepe ya nyumba yopanda kanthu ija, ndatulutsa mtolo waukulu, sindikudziwa kuti ndiuonenso chiyani. Eni nyumba, ba Cathrine, amakazinga vitumbuwa pageti pomwepo. Abwera ndi tsache kudzasesa, aona mapepala pamwendo panga.

"Ba tichala, ayo mapepa basiya ba Kasoma? Ngati ni yotaya nipaseniko, nimangiremo vitumbuwa."

Ndinatambasula dzanja kuti ndiwapatse. Mphepo yatembenuza tsamba lapamwamba, ndaona kumbuyo kwake n'koyera. Onse makumi awiri kumbuyo n'koyera, ndipo matrikisi a 4 adzadya malo ambiri.

Ndawauza kuti akadali ndi ntchito.